Zimene Luyando Ananena M'Chizungu

"Nikufunsa iwe, Luyando. Unakamba chani mu foni muja?"

"Sininakambe choipa, amayi."

"Nanga magalimoto atatu sabata imodzi, afuna chani pakhomo pano? Nigulitsa mowa ine?"

Ednah anaima pakati pa bwalo, kheni yothirira ndiwo ikadali m'manja, madzi akudonthera pa zala za kumapazi. Fumbi la galimoto yachitatuyo linali lisanatsike n'komwe. M'galimotomo munali mutatuluka mayi wina wa ku Lusaka, wa magalasi akuda, amene ngakhale odi sanachite. Anangolunjika kudimba ngati munthu wodziwa njira, n'kuvundukula lata la pachitsime, n'kusuzumiramo. Pobwerera anamuitana Luyando ndi dzina lake, n'kuyamba kucheza naye m'Chizungu akumwetulira.

"Anakudziwira kuti dzina?"

"Ati ananiona pa vidiyo. Ija ya gemu ya kusukulu."

"Gemu." Ednah anatula kheni ija pansi. "Ine niuka mbandakucha kuthirira repu kuti iwe uphunzire, iwe kumeneko uchita magemu oitanira anthu pa munda wa atate ako?"

"Ni phunziro la Chizungu, amayi. Ba Madamu anati aliyense amange..."

"Usaniuze za Madamu. Mayi uja wanifunsa kuti nichoka liti. Pa Chinyanja wanifunsa, kuti nimve bwino. Wagulitsa munda ndi pakamwa pako, Luyando. Ndiye Chizungu chimene nakuvutikira ichi."

Mawu amenewo anali olemera kwambiri kwa mwana wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo Ednah anadziwa zimenezo atangowatulutsa. Koma sanawabweze. Luyando anatola kheni ija n'kupita kukamaliza mabedi a repu amene anatsala.

Gemu imeneyi inafika pasukulupo kumayambiriro kwa temu, pamodzi ndi matabuleti khumi ndi awiri amene bungwe lina la ku Lusaka linabwereka ana a Giredi 7. Mkati mwake muli dziko lopanda kanthu, ndipo munthu amamanga chimene wafuna posanja timabokosi, tina tadothi, tina tamatabwa, tina tamiyala, tina tamadzi. Madamu Chileshe anaika lamulo lakuti palibe wogwira kabokosi asanakapemphe m'Chizungu, ndipo chilichonse chomangidwa achiikire chikwangwani cha dzina lake. Tisanamizane, nzeru imeneyi inagwira ntchito. Ana amene anakhala zaka zisanu ndi chimodzi ali duu m'kalasi anayamba kukanganirana zitseko ndi mawindo m'Chizungu. Ena anamanga nyumba zosanja zonga za m'tauni, wina mpaka bwalo la ndege. Luyando yekha anamanga kwawo, mmene kulili. Pomaliza Madamu anajambula mwana aliyense akuyenda m'zimene wamanga uku akufotokoza m'Chizungu, n'kutumiza mavidiyowo ku mafoni a makolo kuti anyadire. Foni ya Ednah inali ya mabatani. Choncho Luyando anapereka nambala ya atate ake aang'ono, Abson, mng'ono wa malemu Sanford, mwamuna wa Ednah.

Abson anatulukira m'mawa mwake pa njinga yamoto, atavala shati yatsopano imene inali ikadali ndi mizere ya m'pepala.

"Muli shani, ba mulamu?"

"Osanipatsa moni, ba Abson. Anthu amene abwera pano, ndimwe muwatuma?"

"Nipaseni kaye mpando. Munthu akamba ataimirira monga wabwera kupempha moto?"

Ednah sanasunthe. Abson anakhala pa njinga yake yomweyo, n'kuyamba kupukuta foni ndi m'mphepete mwa shati.

"Sininatume munthu ine. Ninangoika vidiyo ya mwana pa gulu la pa foni, kuti anthu aone nzeru za mu banja lathu."

"Gulu la chani?"

"La anthu."

"Anthu ochita chani?"

"Ofuna malo." Abson anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene waona kuti palibenso chifukwa chobisira. "Mverani, mulamu. Ine ninajambula munda uno kangati, kutumiza zithunzi, palibe ngakhale mmodzi anayankha. Udzu wouma uoneka chimodzimodzi kulikonse. Koma mwana uyu atakamba, foni yanga sinagone. Ati chitsime chathu sichiphwa ngakhale mu Okutobala. Ati nthaka ni yakuda. Ati msewu wa ku Chalimbana uli pafupi. Anthu a mu tauni akhulupirira mawu a mwana kuposa a ine, makamaka akabwera mu Chizungu."

"Munayamba kale kujambula? Mkulu wanu wagona chaka chimodzi chabe."

"Munda uno ni wa atate athu. Sanford anali kungolimamo. Imwe munabwera ndi ukwati, ndipo ukwati unathera ku manda."

"Chitsime anakumba ndani? Miyezi iwiri Sanford ali pansi, ine pamwamba nikukoka ndowa za dothi, mimba ili apa. Imwe munali kuti, ba Abson? Munali ku Chongwe pa siteshoni kuitanira anthu mu maminibasi."

"Madzi ni a Mulungu, mulamu. Ndipo tsegulani maso. Lusaka abwera kuno tsiku ndi tsiku. Tikapanda kugulitsa ise, adzagulitsa ena ise tikuyang'ana."

"Nanga ine ndi mwana uyu tidya chani? Repu ija ndiye sopo, ndiye unga, ndiye yunifomu."

"Muli ndi mlongo ku Kanakantapa. Si mwana wamasiye imwe."

Atatero anamuona Luyando ali pakhomo la khitchini. Anapisa m'thumba n'kutulutsa paketi ya mabisiketi.

"Bwera, mzungu wathu. Wagwira ntchito yaikulu."

Luyando anayang'ana mabisiketiwo, anayang'ana mayi ake, n'kulowa m'khitchini. Abson anawaika pa mtondo n'kuliza njinga yake. Mabisiketiwo anakhala pomwepo mpaka nkhuku zinaboola paketiyo.

Lachinayi masana kunabwera Madamu Chileshe, wapansi, nsapato zake zitafiira ndi fumbi. Anali mtsikana ndithu, chaka chake chachiwiri pa ntchito, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti tulo sakulipeza bwino. Anagwada pafupi ndi pamene Ednah ankamanga mitolo ya repu yopita ku msika.

"Bamake Luyando, nabwera kupepesa. Mwana waleka kukamba mu kalasi. Tabuleti saigwira. Nikamufunsa angoyang'ana pa desiki. Anzake ndiwo aniuza zimene zachitika."

"Munanifunsa ine musanajambule munda wanga?"

"Sininakufunseni. Ninalakwa."

"Munafunsa kuti foni imene mutumizako ni ya munthu wotani?"

"Mwana anati ni atate ake aang'ono. Ine ninaganiza kuti..."

"Munaganiza. Imwe pa mwezi mulandira, kaya mvula igwe kaya isagwe. Kuganiza kwanu kwanidyera munda."

"Nipempha chabe mubwere kusukulu muone vidiyo yonse. Matabuleti satilola kutuluka nawo. Ija imene iyenda mu mafoni ine naiona, ndipo pali chimene..."

"Nikaone chani? Nikamve chani? Ine Chizungu ninachisiya mu Giredi 4. Pitani, Madamu, nisanakambe mawu amene nizalapa pa Sondo."

Madamu anadzuka n'kupita. Ednah anapitiriza kumanga repu, koma mitolo inkatuluka ina yaikulu ina yaing'ono, mpaka anaimasula yonse n'kuyambiranso.

Abale anakumana Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi, pansi pa mango a pabwalo. Panali Abson, amuna awiri a kubanja kwawo, ndi Clementina, mlongo wamkulu wa Sanford ndi Abson, amene anali akadavala yunifomu ya chigwirizano cha amayi. Kumbali ya Ednah kunali Ednah yekha. Luyando anauzidwa kuti akhale m'nyumba, popeza zinali nkhani za akulu. Abson anatulutsa kalata ya chidindo ya mundawo n'kuiyala pa bondo. Dzina la Ednah munalibe, la Luyando munalibe. Mayi wa magalasi uja anali atavomera kale kugula, ndipo ankafuna kumanga makola a nkhuku mvula isanayambe.

Ednah analankhula za chitsime, anamuyankha. Analankhula za mwana ndi mayeso ake a Giredi 7, anamuyankha kuti ku Kanakantapa nakonso sukulu ziliko. Ataona kuti zonse zatha, anatulutsa chimene anakhala nacho mumtima zaka zisanu ndi ziwiri.

"Malo ano sangagulitsidwe. Pali manda."

Aliyense pamenepo ankadziwa kuti munthu wa m'tauni akangomva za manda, amabweza galimoto osatsanzika.

"Manda a ndani?" anafunsa Abson, maso ali pa kalata yake.

"Pansi pa msuku, kumalire a munda. Ba Clementina adziwa. Ndiwo anakumba."

Clementina anakonza duku lake, ngakhale linali bwinobwino.

"Mulamu, khala chete. Zimenezo sitikamba pamaso pa amuna."

"Lero nizakamba. Mimba ija ninakoka nayo ndowa za pa chitsime, mwana anabadwa osalira. Munamukulunga mu chitenje changa chobiriwira. Munali anayi, azimayi okhaokha. Munaniuza kuti nisalire, ninamvera. Munaniuza kuti nisauze mwana, ninamvera. Manje nipempha mukambe chabe kuti alipo."

"Nthayo si maliro, Ednah." Clementina analankhula motsitsa. "Sitinaimbe nyimbo, sitinaike mtanda, sitinamupatse dzina. Pa mwambo wathu, pamenepo palibe munthu. Ukudziwa iwe mwini."

"Ine ninamupatsa dzina."

"Unalakwira mwambo. Osabwerezanso."

Abson anapinda kalata ija bwinobwino. "Mwamva nonse. Alongo akamba kuti palibe manda. Mulamu, tikupatsani masabata awiri mukolole ndiwo zanu. Sitili anthu oipa ise."

Kenako anapempha mmodzi wa amuna aja kuti atseke ndi pemphero, ndipo munthuyo anapempheradi, mpaka kupempherera amasiye. Zinthu zina zimanyansa kuziona.

Masabata awiriwo sanakwane. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi kunabwera lole ya mapolo ndi waya, ndi amuna asanu ndi mmodzi ovala maovolosi. Anayamba ndi chitsime. Anachiikira chivundikiro chachitsulo ndi loko, ati madziwo ndi osakanizira simenti. Repu ya Ednah, mu mphepo youma ya mu Julaye, inagona pansi m'masiku atatu okha. Tsiku lotsatira anamva makina odulira mitengo akulira kumalire a munda. Anathamanga opanda nsapato, koma atafika anapeza msuku uli pansi, ndipo munthu wina akukoka chingwe choyezera maziko a khola, kudutsa pomwepo. Ednah anaima pa waya n'kugwira minga yake ndi manja onse awiri. Amunawo anamupatsa moni mwaulemu n'kupitiriza ntchito.

M'nyumba, mayi ndi mwana ankangopatsana zinthu osalankhulana. Ankamanga katundu, wina mbale, wina zofunda. Ednah ankafuna kunena kanthu, koma akamuyang'ana mwanayo ankangomva mawu ake aja akubwerera m'makutu, ndipo manyazi ankamutseka pakamwa.

Tsiku lotsekera sukulu anapita limodzi kukatenga kalata yosamutsira Luyando. Ngolo yonyamula katundu wawo kupita ku Kanakantapa inali yoti ibwere masana. Kalata anaitenga ku ofesi msanga. Potuluka anapeza Madamu Chileshe ataima pakhomo la kalasi, tabuleti ili m'manja.

"Bamake Luyando, munitukwane ngati mufuna, koma lowani. A bungwe abwera lero kutenga matabuleti. Azafufuta zonse zili mkati kuti akapatse sukulu ina. Mukapanda kuona lero, simuzaonanso."

Ednah anali atatopa kwambiri moti analibe mphamvu zokanira. Analowa n'kukhala pa desiki ya ana, mawondo akugunda thabwa. Madamu anaika tabuleti patsogolo pake.

Poyamba anangoona timabokosi tamitundumitundu. Kenako maso ake anazolowera, ndipo anazindikira mango a pabwalo. Anaona nyumba yake, ndi lata limodzi lofiira pakati pa oyera, lija Sanford anachita kupempha kwa mnzake denga litaperewera. Anaona khitchini, mtondo, khola la mbuzi limene linagwa chaka chatha koma muno linali chiimire. Paliponse panali kachikwangwani ka mawu a Chizungu. Ndipo m'katabuletimo munkatuluka mawu a mwana wake, omveka, osachita mantha, mawu amene anali asanawamve masabata anayi.

"Imitsani," anatero Ednah. Anatembenukira kwa Luyando. "Niuze mu Chinyanja. Zonse. Usasiye kanthu."

Luyando anayang'ana Madamu. Madamu anagwedeza mutu n'kuyambitsanso vidiyoyo, akuimitsa pang'onopang'ono.

"Nakamba kuti, dzina langa ndine Luyando, ndipo pano ni pathu." Mawu ake anali okhakhala ngati a munthu wodwala chifuwa. "Iyi ni nyumba yathu. Iyi ni dimba ya amayi anga. Nthaka yake ni yakuda. Amayi auka kukali mdima kuthirira, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu apita ku Chongwe kukagulitsa. Msewu uli pafupi. Ichi ni chitsime chimene atate anga anakumba. Sichiphwa ngakhale mu Okutobala."

"Ija ya ba Abson ithera pamenepa," anatero Madamu. "Anaidula. Yanga ipitirira."

Chithunzi chija chinachoka pachitsime n'kutsata mzere wa chimanga mpaka kumalire. Kumeneko kunali mtengo, ndipo pansi pake panali kaduwa kamodzi koyera. Kachikwangwani kake Ednah anakawerenga yekha, chifukwa sikanali ka Chizungu. Panalembedwa kuti Mwai.

Ednah anagwira m'mphepete mwa desiki. Dzina limenelo anali asanalitchulepo pamaso pa munthu aliyense, ngakhale Sanford.

"Unalimva kuti?"

"Mukamapalira pafupi ndi msuku mumakamba naye. Nimamva."

"Pitiriza."

"Nakamba kuti, apa pagona mng'ono wanga Mwai. Alibe mtanda, ndiye namuikira duwa. Amayi anga abwera pano akaganiza kuti sinikuwaona. Chifukwa cha iye, ise sitizachoka pano. Zikomo pomvetsera."

Ednah anakumbukira Abson pansi pa mango, akufunsa kuti manda a ndani, maso ali pa kalata. Ankadziwa. Anamva kuchokera pakamwa pa mwana, n'kudula mawuwo asanafike kwa ogula. Anakumbukiranso Madamu atagwada pafupi ndi mitolo ya repu, waya usanabwere, msuku ukadali chiimire, akumupempha kuti adzaone vidiyo yonse.

"Tsiku lija ninakufunsa kuti unakamba chani. Bwanji sunaniuze?"

"Ninaopa, amayi. Ana saloledwa kudziwa za nthayo. Ninaganiza kuti muzakwiya kuposa."

Apa m'pamene Ednah analira. Sanalire pa msonkhano, sanalire pa waya, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo anamuletsa kulira. Analira pa desiki ya ana a Giredi 7, mutu wa mwana wake uli pachifuwa pake, akubwereza mawu amodzimodzi.

"Sunagulitse iwe, mwanangu. Sunagulitse iwe."

Panja panaima galimoto yoyera. Munatuluka bambo wonyamula katoni, ndipo anayamba kulowera ku ofesi ya ahedi. Madamu anasuzumira pawindo.

"Ayambira ku ofesi. Tili ndi nthawi pang'ono."

Ednah anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kukankhira tabuleti ija kwa Luyando.

"Muno mungathe kuyenda paliponse? Mulibe waya?"

"Mulibe, amayi."

"Niyendetse. Uyambire pakhomo, unipitishe pa chitsime, tikathere kwa mng'ono wako. Nifuna nikamutsanzike." Anagwira dzanja la mwanayo pamene linkafika pa galasi. "Usathamange."

Luyando anaika chala pa tabuleti, koyamba m'masabata anayi, ndipo chitseko cha nyumba yawo chinatseguka. Anali asanafike n'komwe pachitsime pamene bambo wa katoni uja anagogoda.